APHUNZITSI, MALIPIRO AWO NDI KUNYANYALA NTCHITO

(Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi pa nthawi ya alimi. Taisindikiza pano kuti mafumu ndi anyakwawa aiwerengetse pa bwalo, kuti amene alibe wailesi aimve nawo.)



Munazolowera kundimva ndikukamba za mizere, za manyowa ndi za anankafumbwe. Lero ndapatuka pang'ono, ndipo ndiyambe ndakuuzani chimene chandipatutsa. Tsiku lina tinali pa munda wachitsanzo, ndipo titatha kuyendera chimanga, agulupu ena achikulire anaimirira nandifunsa pamaso pa anthu onse. Anati, "Alangizi, inu ndinu a Boma monga aphunzitsi. Tatiuzani. Ife ndalama timaiona kamodzi pa chaka tikagulitsa mbewu, ndipo mvula ikakana sitiiona konse. Mphunzitsi amalandira mwezi ndi mwezi, mvula igwe isagwe. Nanga bwanji iye amatseka sukulu imene njerwa zake tinaumba ndife, nasiya ana athu akungoyendayenda m'misewu?" Anthu anaomba m'manja. Ine ndinayankha zapatalipatali, ndipo yankho langalo silinandikhutitse ngakhale ine mwini wake. Tsono ndakhala ndikufunsa kwa aphunzitsi akale amene anapuma ntchito, ndi kuwerenga zimene zinalembedwa, kuti ndiwayankhe agulupu aja bwinobwino. Pakuti mlandu uwu sunayambe dzulo, tiyenera kuuyambira kumutu.

Ndinene poyera kuti inenso malipiro anga amachokera m'thumba lomwelo limene aphunzitsi amalandirako. Chifukwa chake mawu anga muwayese monga muyesera mawu a mboni imene ili pa chibale ndi mwini mlandu.

MASIKU A MISHONI

Sukulu yoyamba m'dziko muno inatsegulidwa ku Cape Maclear m'chaka cha 1875 ndi a Mishoni ya Livingstonia. Chaka chotsatira Mishoni ya Blantyre inayamba, mu 1889 a Dutch Reformed Church anafika ku Mvera, ndipo Akatolika anakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Kwa zaka zambiri sukulu sizinali za Boma ayi, zinali za mipingo. Mphunzitsi wa m'mudzi anali mnyamata amene waphunzira makalasi angapo ku likulu la mishoni, natumizidwa kukaphunzitsa anzake kuwerenga, kulemba ndi masamu. Yemweyonso ndiye anali kuimba belu ndi kulalikira tsiku la Sabata.

Malipiro ake poyamba anali nsalu, pakuti ndalama zachitsulo zinali zisanafale m'midzi. Pambuyo pake anayamba kulandira masheleni owerengeka pa mwezi. Kodi munthu akanakhala bwanji ndi zimenezo? Anakhala chifukwa cha inu mafumu. Mfumu ndiyo inali kuloleza sukulu m'mudzi mwake, inali kumpatsa mphunzitsi mbuto yolima ndi kuuza anthu kuti ammangire kanyumba. Makolo anali kulipira fizi ndi makobidi, ndipo amene analibe anali kubwera ndi mazira, chimanga kapena mtolo wa nkhuni. Kotero masiku amenewo mphunzitsi akagona ndi njala, mudzi wonse unali kudziwa, popeza nkhokwe yake inali poonekera.

Koma akafuna kudandaula za malipiro, akadandaule kwa yani? Mzungu wa mishoni ndiye anali bwana wake pa ntchito, yemweyo mbusa wake mu mpingo, yemweyonso woweruza mlandu wake. Kutsutsana naye kunali kutaya ntchito ndi mpingo pamodzi. Tsono aphunzitsi ambiri sanatsutse ndi pakamwa, anatsutsa ndi miyendo. Munthu wodziwa kulemba ndi kulankhula Chingerezi anali kufunika ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni, kumene kalaliki anali kulandira zoposa kutalitali za mphunzitsi wa kwathu. Choncho anyamata amene mishoni inawaphunzitsa movutikira anali kulongedza katundu napita, ndipo ena a iwo anasanduka matchona. Sukulu ya m'mudzi inali kutsala ndi wina wosadziwa bwino, kapena kutsekedwa.

MPHUNZITSI WA KU CHIFIRA

Mwa amene anachoka motero, pali mmodzi amene dzina lake liyenera kudziwika m'mudzi uliwonse. Ndiye Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira, kufupi ndi Bandawe m'boma la Nkhata Bay, m'chaka cha 1896. Anaphunzira zauphunzitsi ku Livingstonia, naphunzitsa kanthawi kochepa m'sukulu za mishoni. Mu 1915 anasiya, nauyamba ulendo wofuna ntchito ya malipiro abwino. Anadzera ku Mozambique, anagwira ukalaliki ku Southern Rhodesia, ndipo mu 1918 anafika ku Cape Town.

Kumeneko, mu January 1919, iye ndi anzake ochepa anayambitsa bungwe la antchito lotchedwa Industrial and Commercial Workers' Union, limene anthu anali kungoti ICU. Mu December chaka chomwecho antchito a padoko la Cape Town ananyanyala ntchito motsogozedwa ndi bungweli. Pofika mu 1927 linali litafalikira South Africa yense, ndipo anthu ake anali kuwerengedwa ngati 100,000. Chimene inu alimi mungakonde kumva ndi ichi: ambiri mwa amene analowa m'zaka zimenezo sanali a m'tauni, anali anthu olima ndi kuweta pa mafamu a Azungu, amene anali kuthamangitsidwa pa malo. Taganizani, mphunzitsi wa sukulu ya udzu wa m'mphepete mwa nyanja yathu kusanduka mtsogoleri wa khamu lotere m'dziko la eni ake!

Koma mathero ake sanakome. Atsogoleri anayamba kukangana okhaokha, ndalama zimene anthu osauka anali kusonkha sizinasamalidwe bwino, ndipo pofika 1929 bungwe lija linali litagawikagawika. Kadalie anamwalira ku East London mu 1951. Inu amene munakhalapo mu kalabu ya alimi imene inatha chifukwa cha msungichuma, nkhani iyi simukuimva koyamba.

BOMA LILOWA M'MAPHUNZIRO

Kuno kwathu, anthu anali kupereka msonkho wa nyumba chaka ndi chaka, koma Boma la Atsamunda linachedwa kuikako dzanja pa sukulu. Cha m'ma 1907 ndi pamene linayamba kupereka mapaundi 1,000 pa chaka, oti mishoni zonse za m'dziko muno zigawane. Anthu ophunzira anaona kuti munthu mmodzi akalankhula yekha mawu ake amathera pakhomo la ofesi, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mu 1912 ku Karonga kunayamba bungwe la North Nyasa Native Association, ndipo mabungwe ena otere anatsatira m'maboma ena. M'menemo munali aphunzitsi, abusa, akalaliki, ndi mafumu ena. Njira yawo inali yolemba makalata aulemu kwa Bwanamkubwa, ndipo pakati pa zimene anali kupempha kawirikawiri panali sukulu zabwino. Levi Mumba, amene anali mlembi wa bungwe la ku Karonga lija, ndiye anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944.

Mu 1924 kunabwera nthumwi za Phelps-Stokes kudzaona za maphunziro, ndipo mu 1926 Boma linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro. Mu 1929 ku Domasi kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes. Kumeneko aphunzitsi anali kupita pamodzi ndi akazi awo, naphunzira za ulimi, za ukhondo, za kakonzedwe ka mudzi, kuti pobwerera adziyendera sukulu za m'midzi ndi kulangiza anthu. Kuyambira mu 1934 mafumu nawonso anayamba kupitako kukachita maphunziro a miyezi ingapo. Ndinganene kuti ife alangizi a lero tikuyenda m'mapazi a aphunzitsi amenewo, ndipo kale mfumu ndi mphunzitsi anakhalapo pa benchi limodzi.

M'zaka za m'ma 1940 aphunzitsi anapanga bungwe lawolawo, lotchedwa Nyasaland African Teachers' Association. Ndipo pang'ono ndi pang'ono Boma linasenza udindo wolipira aphunzitsi, ngakhale a m'sukulu zambiri za mishoni. Ichi chinali chabwino, pakuti mishoni pazokha sizikanatha. Koma taonani chimene chinasintha. Bwana wa mphunzitsi tsopano sanalinso munthu amene angamuone tsiku la Sabata. Anali ku Zomba, ndipo kuyambira mu 1975 ku Lilongwe. Malipiro akachedwa kapena dzina likasowa pa mndandanda, mphunzitsi wa kumudzi ayenera kulemba kalata imene idzadutsa m'maofesi ambiri isanafike kwa munthu woti aiyankhe. Kumeneku ndiye kufunika kwa bungwe: likhale pakamwa pa anthu ambiri amene aliyense payekha sangamveke.

ZAKA ZA CHETE

Titalandira ufulu mu 1964, mabungwe a antchito anaikidwa pansi pa chipani cholamula, ndipo kuyambira mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi. Bungwe la aphunzitsi linalipo, koma za kunyanyala ntchito munthu sakanazitchula n'komwe. Achikulire ena amati masiku amenewo kunalibe sitalaka chifukwa aphunzitsi anali okhutira. N'zoona kuti mphunzitsi anali wolemekezeka, wovala taye, ndipo ndalama inali yolimba kusiyana ndi lero. Koma chete wa munthu wamantha si chete wa munthu wokhuta. Mu 1989 kunatuluka lamulo loti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo amene anakhudzidwa kwambiri anali a kumpoto. Mabanja anasamuka mwadzidzidzi, sukulu zambiri za pakati ndi kumwera zinataya aphunzitsi odziwa ntchito, ndipo panalibe bungwe limene likanaima kunena kuti ichi chiwononga ana.

Zinthu zinatembenuka mu 1992. Pa 8 March Maepiskopi a Chikatolika anawerengetsa kalata yawo m'matchalitchi, ndipo mwa zina inadandaula za kuchepa kwa malipiro a antchito ndi kuthithikana kwa ana m'sukulu. Mu April Chakufwa Chihana, amene anali munthu wa mabungwe a antchito, anamangidwa atangotsika ndege. Mu May antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, ena anatsatira, kunabuka chipolowe ndipo anthu anafa. Pa 14 June 1993 anthu anavotera zipani zambiri, ndipo chaka chomwecho antchito a Boma nawonso ananyanyala. M'nyengo imeneyi bungwe la aphunzitsi linakhala Teachers Union of Malawi, limene mumalimva pa wailesi kuti TUM.

WALIRA MVULA

Mu 1994 Boma latsopano linathetsa fizi ku pulaimale. Ana a sukulu anali pafupi 1.9 miliyoni, ndipo m'chaka chimodzi chokha anafika cha pa 3 miliyoni. Chinali chinthu chachikulu, ndipo ine amene ndikulankhula pano mwina sindikanaponda m'kalasi chikanapanda chimenecho. Koma walira mvula walira matope. Kuti ana onsewo akhale ndi wowaphunzitsa, Boma linalemba aphunzitsi atsopano pafupi 20,000, ambiri a iwo osapita ku koleji, ongophunzitsidwa masabata ochepa. Pambuyo pake, kuyambira mu 1997, ndi pamene anayamba kuwaphunzitsa mosinthanasinthana ali pa ntchito.

Ine Sitandade 1 ndinaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, bolodi litatsamira pa thunthu. Tinali ochuluka kotero kuti aphunzitsi athu, mtsikana wamng'ono ndithu, sanathe kutidziwa maina tonse mpaka chaka chinatha. Mvula ikayamba sukulu inali kuweruka yokha. Madamu aja anali kugona m'kachipinda kosungiramo mabuku, popeza nyumba za aphunzitsi zinali ziwiri zokha. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi ang'onoang'ono a m'midzi yambiri ana 100 kapena kuposa pamaso pa munthu mmodzi si chachilendo. Inu alimi mudziwa chimene chimachitika munthu akabzala mbewu zisanu pa phando limodzi.

Apa tsono pali mfundo imene iyenera kumveka. Aphunzitsi ndiwo gulu lalikulu koposa mwa antchito onse a Boma. Kuwonjezera ndalama pang'ono pokha kwa aliyense kumasanduka mulu waukulu pa thumba la dziko, thumba lomwelo limene mankhwala a m'chipatala ndi feteleza wotsika mtengo amachokera. N'chifukwa chake Boma lililonse, la chipani chilichonse, limazengereza pa malipiro a aphunzitsi. Komanso chifukwa cha kuchuluka komweko, aphunzitsi akaima dziko lonse limamva tsiku lomwelo.

MASITALAKA A ZAKA ZAPITAZI

M'zaka za m'ma 1990 panali kafukufuku wa malipiro a antchito a Boma wotsogozedwa ndi Justice Chatsika, ndipo mu 1997 antchito a Boma ananyanyala pofuna kuti zimene lipotilo linanena zichitike. Koma ndidumphe ndifike pa zimene ambiri a inu mukuzikumbukira.

Mu May 2012 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu: dola imodzi imene inali pafupi K168 inafika pa K250. Mitengo ya sopo, mafuta, minibasi ndi feteleza inakwera, koma malipiro anatsalira m'mbuyo. Apa ndiye pali yankho loyamba kwa agulupu aja. N'zoona mphunzitsi amalandira mwezi ndi mwezi, koma nambala yake ndi yomweyomweyo. Chimanga chikakwera mu January ndi February, mlimi amene wasunga matumba amapeza bwino, pamene mphunzitsi ndiye wogula. Mu February 2013 antchito a Boma, aphunzitsi ali momwemo, ananyanyala pafupi masabata awiri. Zipatala zinavutika, bwalo la ndege la Kamuzu linatsekedwa, ndipo ana a sukulu anaguba m'misewu ya m'mizinda. Mathero ake Boma linavomera kukweza malipiro a antchito apansi ndi 61 peresenti, ndi a akuluakulu ndi 5 peresenti.

Mu June 2017 aphunzitsi ananyanyalanso. Ulendo uno sanali kupempha zatsopano, anali kufuna ndalama ya tchuthi, imene wantchito wa Boma amayenera kulandira kamodzi pa chaka, koma kwa iwo inali itachedwa. Ndalamayo kwa munthu mmodzi si yaikulu. Ichi n'chimene chimandiwawa ine pa sitalaka imeneyo, kuti sukulu za dziko lonse zinaima chifukwa cha ngongole imene panalibe woikana. M'malo ena ana anatseka misewu ndi miyala ndi mitengo, nagenda magalimoto, ndipo apolisi anawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi. Ndinakumana nawo ine ana otere ndikuchokera ku msonkhano wa alimi pa njinga. Ena anali aang'ono osafika ndi Sitandade 4 yomwe, osadziwa n'komwe chimene akuimbira.

Kenaka kunabwera mliri wa Covid-19. Sukulu zinatsekedwa pa 23 March 2020, zinayamba kutsegulidwa mu September ndi October, ndipo mu January 2021 zinatsekedwanso. Zitati zitsegulidwe mu February, TUM inauza aphunzitsi kuti asalowe m'kalasi kufikira atapatsidwa ndalama ya chiopsezo monga anali kulandira a zachipatala. Iwo anati munthu woima pamaso pa ana ochuluka m'chipinda chimodzi ali pangozi. Boma linati ngozi yawo siilingana ndi ya anamwino. Anakokanakokana masabata angapo, sitalaka inaimitsidwa n'kuyambanso, nkhani inafika ku khoti la milandu ya pa ntchito, ndipo mu April aphunzitsi anabwerera m'kalasi. Pa sitalaka imeneyi makolo ambiri anawadandaula aphunzitsi, ndipo ine sindiwadzudzula makolowo, pakuti ana anali atataya kale miyezi yambiri. Mafumu mudziwa bwino kuposa ine kuti ndi atsikana angati m'midzi yanu amene anatenga pakati kapena kukwatiwa sukulu zili zotseka, ndi anyamata angati amene anapita kukagwira ganyu osabwereranso.

LAMULO LIKUTI CHIYANI

Ena amaganiza kuti sitalaka iliyonse ndi kuswa lamulo. Si choncho. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 31, amapatsa munthu ufulu wolowa bungwe la antchito, ndipo amavomereza ufulu woleka kugwira ntchito pa mkangano. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 linaika njira yake. Poyamba mkangano ukanenedwe ku Unduna wa Zantchito, ndipo papite masiku 21 oyesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo. Zikakanika, antchito apereke chenjezo la masiku 7 asanayambe kunyanyala. Muona kuti n'chimodzimodzi ndi kwathu kuno: munthu sathamangira kwa a T/A asanadzere kwa ankhoswe ndi kwa nyakwawa. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamuloli, kotero kuti wolemba ntchito angathe kudula malipiro a munthu amene wanyanyala kupitirira masiku 3 pa chaka. Mabungwe a antchito anatsutsa kwambiri kusinthaku.

Ndiponso musayese kuti kunyanyala ndi khalidwe la anthu a taye okha. Kodi alimi a fodya sanaimitsepo msika ku Kanengo ataona kuti mitengo yanyanya kutsika? Kodi kalabu ikagwirizana kuti isagulitse soya kwa vendala wa sikelo yokhota, imeneyo si njira yomweyo? Mlimi amakaniza mbewu yake, mphunzitsi alibe china choti akanize koma ntchito yake.

Koma pali kusiyana kumodzi, ndipo apa agulupu aja analondola. Belo la fodya likagona sabata pa msika, limadikira. Mwana sadikira. Teremu ili ngati mvula yoyamba: ukaiphonya ungathe kubzalabe, koma zokolola sizifanana. Ndiponso sitalaka siigwera ana onse mofanana. Mwana wa munthu wopeza bwino amene ali pa sukulu yolipira amaphunzira monga mwa masiku onse, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 adzakhala pa pepala limodzi ndi mwana wa kumudzi amene anakhala pakhomo. Amene anachedwetsa malipiro samva kuwawa kumeneku, amamva ndi mlimi.

Tsono maganizo anga ndi awa, ndipo ndi anga ndekha. Bungwe la aphunzitsi ndi lofunika, pakuti taona zimene zinachitika pamene kunalibe kapena pamene linali lotsekedwa pakamwa. Mphunzitsi wosamveka sakhala, amachoka, kaya kupita ku tauni, kaya ku Joni monga Kadalie, kaya kukhalapo thupi lokha mtima uli ku geni yake. Sitalaka imeneyo ya kachetechete siilengezedwa pa wailesi, koma imatha zaka. Ntchito yaikulu ya bungwe siioneka n'komwe: kulondola ndalama zotsalira za munthu amene anakwezedwa udindo koma malipiro osasintha, kuimira mphunzitsi pa mlandu wa kuntchito, kukumbutsa Boma za anyamata ndi atsikana amene anatsiriza koleji n'kukhala pakhomo osalembedwa ntchito pamene sukulu zikusowa aphunzitsi. Komabe ndikanakonda kulimva bungwe lomwelo likulankhula mokweza chimodzimodzi za mphunzitsi wojomba, wobwera ataledzera, kapena wowononga mwana wa sukulu. Anthu a m'mudzi amaona zimenezi, ndipo tsiku la sitalaka amazikumbukira.

MBALI YA MAFUMU

Malipiro simungawakweze inu, koma zilipo zimene zili m'manja mwanu. Aphunzitsi ambiri amene ndinacheza nawo asanatchule ndalama anatchula nyumba. Munthu amene amapalasa njinga mtunda wautali kuchokera pa tauni yaing'ono kumene akuchita lendi, mitsinje ikadzaza safika. Kuli ndalama yapadera imene Boma limapereka kwa aphunzitsi a kumidzi, koma siingalowe m'malo mwa denga losadontha. Ndipo kambuto kolima, monga anali kuchitira makolo athu aja, kamamthandiza munthu kuti mu February asapite kwa akatapila. Kwacha itatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, aphunzitsi amene anali ndi kamunda kawo ndiwo anapumako.

Sitalaka ikagwa, musalole anthu kukaopseza aphunzitsi kunyumba zawo kapena kuthyola zitseko za sukulu, popeza mkanganowo suli pakati pa iwo ndi mudzi, ndipo mazenera osweka mudzagula ndinu. Itanani a komiti ya sukulu, a bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndi amayi aja oyang'anira atsikana. Afunseni ahedi akuuzeni chimene chavuta. Ana asapite kumsewu. Amene ali m'kalasi la mayeso angathe kukumana pa bwalo kapena m'tchalitchi, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mnyamata kapena mtsikana wa Fomu 4 amene angawathandize kubwereza zimene anaphunzira. Muwerengenso ana tsiku limene sukulu yatsegulidwa, khomo ndi khomo, kuti amene sanabwerere adziwike sabata yomweyo. Dandaulo lanu lipite kwa mlangizi wa maphunziro wa zoni yanu, kwa khansala ndi kwa phungu, ndipo likapita ndi chidindo cha mfumu limalemera.

Mwezi wathawu ndinabwerera kwa agulupu aja, ndinawafotokozera zonsezi tili pakhonde pawo. Anamvetsera mpaka kumapeto, koma sanavomere zonse. Anati za Kadalie azimva ndipo azikonda, za ndalama ya tchuthi aphunzitsi analondola, koma za 2021 iwo sadzawakhululukira, chifukwa mdzukulu wawo mmodzi sanabwererenso ku sukulu. Kenaka anaitana mlembi wawo namuuza kuti alembe kuti anthu akatha kukolola aumbe njerwa za nyumba imodzi ya mphunzitsi, ndipo midzi itatu igawane masiku otunga madzi. Ndikutsanzika anandiuza kuti popeza tsopano ndayamba kufufuza zinthu, ndikafufuzenso chifukwa chake feteleza amafika chimanga chitayamba kale kufiira.

Sabata ya mawa pa nthawi yomwe ino tidzakamba za kaumitsidwe ka chimanga tisanachithire mankhwala ndi kuchiika m'matumba. Tsalani bwino nonse.